Kompresa ikakana kuzima yokha: swichi ya presha, matenda ake ndi kasinthidwe kake

Mukamayenda mumsewu wa Alick Nkhata ku Lusaka, kuchokera ku Kalingalinga kulowera ku Mtendere, simupita patali musanamve kompresa, makina opopera mpweya m'thanki, ikulira. Apa wina akupopa tayala la minibasi, apo wina akupenta geti, kutsogoloko kalipentala akukhoma sofa ndi mfuti ya misomali. Makina ambiri ndi aja a mawilo awiri, thanki ya malita 24 kapena 50, mota ya 2 HP, olumikizidwa pa soketi wamba ya 230 volts. Ntchito yanga ndi yokonza makina otere, ndipo eni ake ambiri amafika atauweruza kale mlandu: "Swichi yafa, mungosintha." Ena amakhala atagula kale yatsopano, ili m'thumba la ovolosi. Ine sindithamangira sipanala. Ndimati tiilize kaye timve, chifukwa swichi ya presha imafera milandu yambiri ya anzake. Mutha kuchotsa swichi yabwinobwino, kuika ina, vuto n'kukhala lili pomwepo.

Swichiyo ndi kabokosi kakuda kaja ka pamwamba pa thanki, kokhala ndi batani lofiira lokoka ndi kukankha, kapena kampini kolembedwa AUTO ndi OFF. Mukakavundukula simupezamo zambiri. Pansi penipeni pali kalabala kopyapyala, amisiri amati diaphragm, kamene mpweya wa m'thanki umakankha kuchokera kunsi. Pamwamba pake pali sipuling'i yaikulu yokakanikiza kuti katsike. Ntchito yonse yagona pa kukankhana kwa ziwirizi. Thanki ikakhala yopanda kanthu sipuling'i ndiyo imakula mphamvu, timitu tachitsulo totchedwa ma contact timagundana, malaiti amadutsa kupita ku mota. Mpweya ukamachuluka kalabala kamatukuka pang'onopang'ono mpaka kugonjetsa sipuling'i, kachitsulo ka mkati n'kudumpha kuti kha! Ma contact alekana, mota yaima. Kudumpha kwadzidzidziko anachita kukukonza dala. Ma contact akamalekana mwaulesi, moto umalumpha pakati pawo nthawi yaitali ndi kuwawotcha.

Pamene mota imaimira amati cut-out, pamene imayambiranso amati cut-in. Pa makompresa ang'onoang'onowa nthawi zambiri imazima pa 8 bar (bar ndi muyeso wa presha ya mpweya) n'kuyakanso mpweya ukatsika kufika cha pa 6 bar. Amene geji yawo imawerenga psi akumbuke kuti bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi, ndiye kuti 8 bar ndi cha m'ma 116 psi, 6 bar ndi cha m'ma 87. Mpata wa 2 bar umenewu ndi mpumulo wa mota. Mota ya 2 HP ikamayenda imakoka ma amp asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, koma pa kamphindi koyambira imakoka kuwirikiza kangapo. Ikanati iziyaka nthawi iliyonse mwatulutsako kampweya pang'ono, sikanatha chaka.

Pali kanthu kena pa swichi kamene anthu ambiri sakadziwa, ndipo ndi kamene kamasiyanitsa swichi ya kompresa ndi maswichi ena onse. M'mbali kapena kunsi kwake kuli kavalavu kakang'ono, unloader, kolumikizidwa ndi kapaipi kowonda ka pulasitiki kapena ka kopa. Mukakatsata kapaipiko kakufikitsani pa valavu ina yomangidwa pakhomo pa thanki, non-return valve, imene imalola mpweya kulowa koma osabwerera. Mota ikaima, m'paipi yaikulu yochokera ku pisitoni mumatsala mpweya wopanikizika. Ukakhala momwemo, pisitoni imayamba itasenza kale katundu, ngati munthu woyamba kukankha wilibala yodzaza mchenga pachitunda. Ndiye swichi ikamazimitsa mota, nthawi yomweyo imadinanso kaphini ka unloader, mpweya wotsalawo n'kutuluka. Kaphokoso kaja ka "psss" kamene mumamva kompresa ikangozima ndi kameneko. Kayenera kumveka sekondi imodzi kapena ziwiri, n'kusiya. Ine kaphokoso kameneka kamandiuza zambiri kuposa geji.

Tiyambe ndi matenda amene ndi a swichi zenizeni. Kompresa ikulira osaima, muvi wa geji wadutsa pa 8, ukupita pa 9, kenaka safety valve, kavalavu kotulutsa mpweya presha ikapitirira muyeso, yatseguka ndi mkokomo. Apa palibe kukayika. Mwina ma contact apsa n'kumatirirana moti sipuling'i yamkati ikulephera kuwalekanitsa, mwina kabowo kolowera mpweya kunsi kwa diaphragm katsekeka ndi matope a dzimbiri ochokera m'thanki, ndiye swichi sikumva kuti thanki yadzaza. Chizindikiro china ndi mpweya wotuluka m'kati mwa kabokosiko nthawi zonse, kaya mota ikuyenda kaya yaima: kalabala kang'ambika. China ndi fungo la pulasitiki wopserera, kapena batani lofiira lomangogwedera osagwira. Zonsezi mankhwala ake ndi swichi yatsopano. Ndaonapo anthu akupala ma contact ndi sandipepa. Zimagwira sabata imodzi kapena ziwiri kuti ntchito ya kasitomala ithe, koma mukapala mwachotsa kachitsulo kabwino ka pamwamba, ndipo kupsa kwachiwiri sikuchedwa.

Koma taonani matenda ofanana nawo amene si a swichi. Kompresa ikulira osaima, inde, koma muvi wakakamira pa 4 kapena pa 5 bar, sukukwera. Swichi ilibe mlandu, ikungodikira 8 bar imene sikufika. Vuto lili ku pampu: timavalavu ta m'mutu tathyoka, gasiketi yapsa, mphete ya pisitoni yatha, kapena mpweya ukuthawira penapake. Kuchedwa pang'ono kudzaza kokha kusakudetseni nkhawa. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, ndiye kompresa imatenga nthawi yochulukirako kusiyana ndi imene inalembedwa pa katoni.

Mlandu umene swichi imanamiziridwa kwambiri ndi uwu: kompresa yazima bwinobwino pa 8 bar, koma "psss" uja sakusiya, akungopitirira mpaka thanki itaphwa. Mukaika chala mupeza mpweya ukutulukira pa swichi, ndiye aliyense amati swichi ikudontha. Ayi. Mota ikaima unloader imakhala yotsegula, ndiyo ntchito yake. Mpweya umene ukutulukawo ukuchokera m'thanki, kubwerera kudzera pa non-return valve imene yalephera kutseka. Mukaphwetsa thanki n'kumasula chipewa cha valavuyo mupeza kalabala kozungulira ndi kasipuling'i. Kawirikawiri pamakhala kanyenyeswa ka dzimbiri kapena kamwaye wa oilo wopserera katakhala pamlomo. Kupukuta kokha, kapena kusintha kalabalako, vuto latha. Mukanasintha swichi, yatsopanoyo ikanalira chimodzimodzi. Zikakhala mosemphana, kuti mpweya ukutuluka pa unloader mota ili mkati moyenda ndipo sukusiya ngakhale geji yakwera, apo ndiye unloader yeniyeniyo yafa.

Kompresa ina imangong'ung'udza osazungulira, kenaka fyuzi ya mu pulagi n'kupsa kapena kabatani ka overload, kozimitsa mota ikalemedwa, n'kutuluka. Njira yachidule yodziwira ndi kuphwetsa thanki yonse n'kuyesanso. Ikayaka bwino thanki ili yopanda kanthu koma n'kumakana ikakhala ndi mpweya, yang'anani unloader ndi non-return valve. Ikamang'ung'udzabe ngakhale thanki ili mbee, ganizirani capacitor, kachitini kothandiza mota kuyamba kuzungulira, kapena pampu yomangika, kapena malaiti ofooka. Za malaiti ofookazi ndimakumana nazo kwambiri m'makomboni, kumene kompresa imadyera pa ekisitenshoni yowonda yochokera nyumba yachitatu. Waya wautali wowonda umadya mphamvu panjira, ndiye mota imalandira zotsala. Ndi bwino kutalikitsa paipi ya mpweya kusiyana ndi kutalikitsa waya.

Pamenepa ndipatukeko pang'ono. Chaka cha 2024, madzi atatsika chifukwa cha chilala ku damu la Kariba, kumene amapanga malaiti, malaiti ankathima maola ambiri patsiku, ndipo makompresa ong'ung'udza anachuluka. Chifukwa chake n'chapafupi. Unloader imatseguka pokhapokha swichi ikazimitsa yokha kapena mukadina batani lofiira. Malaiti akathima kompresa ili mkati mopopa, kapena mukazimitsira pa soketi ya pakhoma, palibe chimene chimadina kaphini kaja. Mpweya umatsala m'paipi, ndipo malaiti akabwera mota imadzuka ndi katundu pamutu. Choncho malaiti akangopita, pitani mukadine batani, mumve "psss", mudzakokenso akabwera. Chimodzimodzi amene amayendetsa kompresa pa jenereta yaing'ono: jenereta yokwanira mota ikamayenda itha kugwada pa kamphindi koyambira kaja.

Yotsala ndi kompresa ija yongokhala chete, osang'ung'udza n'komwe. Musanaseke, yang'anani geji: ngati ili pa 7 bar, kompresa siiyenera kuyaka, palibe chawonongeka. Ngati thanki ili yopanda kanthu, onani soketi, fyuzi ya 13 amp mu pulagi, overload ndi waya. Zonse zikakhala bwino, zulani pulagi, vundukulani swichi, kokani batani pa ON, muyeze ndi multimeter, mita yoyezera malaiti, pakati pa pamene palembedwa LINE ndi pamene palembedwa MOTOR, mbali iliyonse payokha. Mita iyenera kulira kusonyeza kuti njira ilipo. Ikakhala duu, ma contact apsa mpaka osagundananso, ndipo swichi yathadi.

Tsiku lina mdala wina wopopa matayala anandiitana kuti kompresa yake ikutentha. Nditafika ndinapeza kabokosi ka swichi kalipo koma mawaya analumikizidwa okhaokha, kuilambalala. Kamnyamata kanakhala pa tayala pafupi ndi soketi, maso ali pa geji, ntchito yake kuzula pulagi muvi ukafika pofiira. Chimene chinandiumitsa thupi ndi pamene panayenera kukhala safety valve: panali bauti yokulungidwa thread tape, tepi yotsekera mpweya pa mano a bauti.

"Bamudala, ndani anachita izi?"

"Ni ine, mwana wanga. Kavalavu kenze kuchita chongo, manje nchito siingaime."

"Nanga tsiku limene mufana uyu adzatumidwa kukagula talk time?"

Anangoseka. Koma thanki yodzaza mpweya si chinthu choseweretsa. Madzi safinyika, ndiye thanki ya madzi ikang'ambika imangotayikira. Mpweya ndi wofinyika, umasunga mphamvu yonse imene mota inaikamo, ndipo chitsulo chikagonja umaitulutsa nthawi imodzi. Swichi ndi mlonda woyamba, safety valve ndi wachiwiri. Kavalavu kaja kankachita phokoso chifukwa kankagwira ntchito imene swichi inaisiya. Mdalayo anachotsa alonda onse awiri n'kuika mwana.

Pogula swichi yatsopano, nyamulani yakaleyo. M'mashopu a hardware a mu Freedom Way, Cha Cha Cha Road kapena ku Kamwala mupeza mitundumitundu, ya Condor ya ku Germany, ya Lefoo ya ku China, ndi ina yopanda dzina, ndipo kunja kwake yonse imaoneka ngati ya mimba imodzi. Choyamba kuona ndi presha. Pathanki pamakhala kachitsulo kapena chomata cholembedwa presha yaikulu imene thankiyo ingapirire, ndipo pa safety valve padindidwanso nambala yake. Cut-out ya swichi iyenera kukhala pansi pa zonse ziwiri. Swichi ya 10 kapena 12 bar pa makina a 8 bar ndiye kuti safety valve iziphulika swichi isanaganize zozima, mota n'kumavutika ndi katundu amene sanaipangire. Kenaka tembenuzani muone kunsi. Ina ili ndi bowo limodzi, ina mabowo anayi: lapansi lopita kuthanki, ena atatu a geji, safety valve ndi regulator yochepetsera presha ya mpweya wotuluka. Mathiredi ake kawirikawiri ndi kota inchi, koma pali BSP ya Chingelezi ndi NPT ya ku America. Pa kota inchi BSP ili ndi mano 19 pa inchi imodzi, NPT 18. Kusiyana kochepa chonchi kumapusitsa, chifukwa imalowa kawiri katatu kenaka n'kulimba, inu n'kumayesa yagwira pamene ikudya mano. Onaninso pamene pali unloader, kumbali kapena kunsi, ndi kukula kwa kapaipi kake, kamene pa makina ambiri ndi mamilimita 6. Ma amp olembedwa pa swichi akhale oposa a mota, 16 kapena 20, ndipo ikhale ya single phase, ya malaiti a soketi wamba.

Msampha wina ndi swichi ya pampu ya madzi. Poti Lusaka yadzaza zitsime za borehole ndi mapampu okankhira madzi, mashopu ali nazo zambiri, ndipo wogulitsa wofulumira atha kukupatsirani. Imagwira pa presha yotsika kwambiri ndipo ilibe unloader. Mukaona palibe polumikiza kapaipi kowonda, ibwezeni.

Kusintha kwenikweniko si ntchito yaitali. Zulani pulagi, osati kungozimitsa pakhoma, ndipo muiike pamene mukuiona kuti wina asaibwezere. Tulutsani mpweya wonse mpaka geji ifike pa ziro, kokani mphete ya safety valve, tsegulaninso kampopi ka kunsi kwa thanki n'kukasiya kotsegula, chifukwa geji yakale imanama. Vundukulani swichi, mujambule ndi foni mawaya asanachoke. Muona magulu awiri, lochokera ku pulagi ndi lopita ku mota. Wa bulauni ndi wamoto, wa buluu ndi neutral, wa girini ndi yelo ndi earth. Pa mawaya akale wamoto ndi wofiira, neutral wakuda. Nsonga za mawaya opita ku mota musazigwire ndi zala, chifukwa capacitor itha kukhala itasungako mphamvu ngakhale pulagi yazulidwa. Masulani mawaya, masulani kapaipi ka unloader mosamala osakapinda, kenaka chotsani geji, safety valve ndi regulator swichi ikanali pathanki. Thanki imakugwirirani ngati vaisi, komanso geji ikatsala imagunda chogwirira kapena mota mukamazungulitsa swichi.

Sipanala igwire pa tsinde lachitsulo la kunsi, osapotokola kabokosi ka pulasitiki ndi manja. Sipanala yachiwiri igwire kapaipi kochokera m'thanki kuti kasazungulire limodzi. Swichi ikachoka suzumirani m'kapaipimo. Mukaona matope ofiirira, tokosani ndi kawaya mutsuke, apo ayi yatsopanoyo idzadwala matenda omwewo. Palani tepi yakale, kulungani thread tape yatsopano kanayi kapena kasanu, kutsata mbali imene swichi izungulire pomanga kuti tepi isamasuke, ndipo dzino loyamba lisiyeni lopanda tepi. Kachidutswa ka tepi kakalowa mkati kamakatseka kabowo ka diaphragm kapena kukakhala pamlomo wa valavu. Mangani ndi manja kaye, kenaka sipanala pang'ono mpaka swichi iyang'ane kumene kapaipi ka unloader kafike mosakoka. Apa ndi pamene anthu amphamvu amalira. Tsinde la maswichi ambiri ndi chitsulo chofewa choumba, mukalimbitsa ngati nati ya wilo chimang'aluka, ndipo mng'alu wake sumatika. Ikadutsa pang'ono pamene mumafuna, musabweze m'mbuyo, idzadontha. Masulani yonse, ikani tepi ina, yambiraninso.

Bwezerani geji, regulator ndi safety valve. Ngati safety valve ndi yakale, mphete yake siikokeka kapena siibwerera, gulani ina ya nambala yomweyo. Mawaya ochokera ku pulagi apite pa LINE, a ku mota pa MOTOR, wamoto moyang'anizana ndi wamoto mnzake, neutral ndi neutral mnzake. Ma earth onse awiri amangidwe pa tsinde lachitsulo. Earth musaidumphe: makinawa ndi chitsulo chokhachokha, ndipo ku car wash amakhala pamadzi. Limbitsani masikuluwu, kokani waya aliyense muone ngati wagwira, chifukwa waya wogwedera amatentha n'kusungunula swichi yatsopano. Mangani timanati togwira chingwe polowera, vundikirani, kenaka ndiye mulowetse pulagi.

Poyesa, tsekani kampopi ka pansi, kokani batani, dzanja likhale pafupi, maso pa geji. Izime pa nambala yolembedwa pa swichi, imveke "psss" wamfupi, kenaka zii. Muvi ukadutsa nambalayo, zimitsani nokha msanga. Pakani thovu la sopo polumikiza ponse, pamene pakutuluka timabaluni pakudontha. Kenaka tulutsani mpweya pang'onopang'ono muone pamene iyakire, ndipo iyake mosakokoma. Chitani zimenezi katatu.

Za nati ya pa sipuling'i yaikulu ndinene mwachidule. Kuimanga kumakweza cut-in ndi cut-out pamodzi, kuimasula kumatsitsa. Maswichi ena ali ndi kasipuling'i kachiwiri kosinthira mpata wa pakati. Ngati mwagula swichi yoyenera simufunika kukhudza chilichonse. Mukafunikadi kusintha, zulani pulagi nthawi iliyonse musanavundukule, zungulitsani theka lokha, vundikirani, yesani. Openta amakonda kupempha kuti ndikwezeko presha poti mfuti yopentera ikufooka pakati pa geti. Kukweza sikuwathandiza. Mfuti ikudya mpweya wambiri kuposa umene pampu ikupanga pa mphindi, ndipo nati ya swichi siikulitsa pampu.

Kwa mdala uja tinaika swichi ya mabowo anayi ya 8 bar ndi safety valve yatsopano. Titatsegula kampopi ka kunsi, kamene kanachita kufuna pulayazi chifukwa kanali kasanatsegulidwepo, munatuluka madzi ofiirira odzaza botolo la Maheu n'kutsalako. Mpweya ukapanikizidwa n'kuzizira m'thanki umasiya madzi, makamaka m'dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo madziwo amadya thanki kuchokera mkati, kumene diso silifika. Ndinagogoda kunsi kwa thanki ndi sipanala, kunalira bwino, sikunafike pofewa. Ikanakhala yobooka ndikanawauza kuti aitaye, chifukwa thanki ya mpweya siiwotcheredwa. Kamnyamata kaja tinakapatsa ntchito ina: madzulo aliwonse poweruka, presha ikatsika, kazitsegula kampopiko mpaka madzi atasiya kutuluka. Bauti ija mdalayo anaipukuta n'kuiponya m'chitini cha manati.